Funsani Amisiri: Memory Yosaiwala Magetsi Akathima

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mtundu wa memory ya kompyuta umene akatswiri amautchula kuti ReRAM kapena RRAM, ena n'kumati memristor. Tasankhapo asanu ndi awiri ndipo ena tawafupikitsa.

Akuluakulu, ndili chaka chachitatu cha uinjiniya wa zamagetsi. M'kalasi anatiuza kuti ReRAM imasunga zinthu popanda magetsi komanso popanda tchaji. Fulashi ndimaimvetsa, koma iyi yandiimitsa mutu. Ngati simukusunga tchaji, ndiye mukusunga chiyani?
Wophunzira, Chichiri

Achimwene, mukusunga njira.

Tiyambe ndi zomwe mukuzidziwa kale. DRAM, memory imene laputopu imagwiritsa ikamagwira ntchito, imasunga bit iliyonse (0 kapena 1) ngati tchaji mu kakapasita kakang'onong'ono. Kakapasitako kamadontha ngati ndowa yobooka, choncho kompyuta imadzazanso mzere uliwonse asanathe ma millisecond 64. Magetsi akathima wodzaza palibe, zonse zimapita. Fulashi, memory ya mu mafoni ndi memory khadi imene Fujio Masuoka anaitulukira ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980, nayonso imasunga tchaji, koma imatsekera ma electron mkati mwa khoma losadutsa magetsi. Kuti alowe kapena atuluke pamafunika voltage yokwera, pafupifupi ma volt 20 mu fulashi ya NAND, ndipo ulendo uliwonse khomalo limavulala pang'ono. N'chifukwa chake memory khadi imakalamba.

Kachipinda ka ReRAM, komwe kamasunga bit imodzi, ndi zinthu zitatu zosanjikizana: chitsulo pansi, oxide pakati, chitsulo china pamwamba. Oxide ndi chitsulo chimene chagwirana ndi okosijeni, monga momwe dzimbiri la pa malata lilili. Ofufuza ambiri amasankha hafnium oxide kapena tantalum oxide yokhuthala ma nanomita 5 mpaka 10, ndipo kumbukirani kuti milimita imodzi ili ndi ma nanomita 1,000,000. Zitsulo ziwirizo kawirikawiri zimakhala titanium nitride, koma mbali imodzi amayalako titanium wopyapyala wokhudzana ndi oxide ija, chifukwa titanium ndi wadyera pa okosijeni: amamukoka n'kumusunga.

Kachipinda katsopano sikadutsa magetsi. Ntchito yoyamba, imene amaitcha forming, imachitika kamodzi kokha. Mumaika ma volt apakati pa 2 ndi 4 pa chitsulo chapamwamba, ndipo maatomu ena a okosijeni amazuka pamalo pawo n'kuthawira kwa titanium uja. Pomwe achokapo pamatsala mipata, mipatayo n'kundandalikana kuchokera kumwamba mpaka pansi ngati kaulusi. Magetsi amadutsa mu kaulusiko, resistance n'kugwa mpaka kufika cha m'ma ohm 10,000. Pa nthawi imeneyi current iyenera kumangidwa, mwachitsanzo pa ma microamp 100. Mukaisiya yomasuka, kaulusi kamanenepa mpaka kachipinda kamapserera, osatsekanso.

Kuti mulembe 0, mumatembenuza voltage, cha m'ma volt 1 mpaka 1.5 kumbali inayo. Current yodutsa mu kaulusi imatenthetsa malowo kwambiri, okosijeni amabwerera n'kutseka mipata ya kunsonga, ndipo resistance imakwera kakhumi kapena kazana. Kumeneko ndiye RESET. Kaulusi konse sikafafanizika ayi. Ganizirani ulalo wamatabwa pa mtsinje wa Nasolo: simugwetsa ulalo wonse kuti anthu asawoloke, mumangochotsa thabwa limodzi. Kulemba 1, komwe ndi SET, ndi kubwezeretsa thabwa lija, ndipo n'chifukwa chake kumafuna volt imodzi yokha kapena kuchepera, osati ma volt a forming aja. Powerenga mumaika 0.1 kapena 0.2 volt, yosakwana kusuntha atomu, n'kuyeza current. Ikakhala yambiri, ulalo ulipo. Magetsi akathima maatomu amakhala pomwe munawasiya.

Pali mtundu wina wotchedwa CBRAM, umene Michael Kozicki wa ku Arizona State University anauyambitsa. Mmenemo kaulusi kamapangidwa ndi maatomu a siliva kapena kopa ochokera ku chitsulo chapamwamba, osati mipata ya okosijeni.

Chomwe mabuku a m'kalasi satsindika mokwanira n'chakuti kaulusi aka n'kopyapyala kwambiri moti maatomu ochepa chabe akasuntha, resistance imasintha. Sikamera mofanana kawiri. Kachipinda komweko kakhoza kupereka ma ohm 200,000 pa RESET iyi, ina yotsatira n'kupereka 900,000. Mavuto ambiri amene ofufuza akulimbana nawo amachokera pamenepa.

Kodi ReRAM ndi memristor ndi chinthu chimodzi? Kwina ndawerenga kuti anaitulukira mu 1971, kwina 2008.
Mphunzitsi wa fizikisi, Zingwangwa

Aphunzitsi, zaka zonse ziwiri zili ndi nkhani yake, ndipo palinso china chakale kuposa izi. Mu 1962 T. W. Hickmott anaona kale kuti oxide yopyapyala yoikidwa pakati pa zitsulo imasintha kayendedwe ka magetsi modabwitsa, koma nthawi imeneyo memory ya silicon ndiyo inatenga mitima ya anthu. Mu 1971 Leon Chua wa ku University of California, Berkeley, analemba mwa masamu kuti kuwonjezera pa resistor, kapasita ndi inductor, payenera kukhala chipangizo chachinayi chimene resistance yake imadalira magetsi amene anadutsamo m'mbuyomu. Dzina loti memristor linachokera kwa iye. Mu 2008 gulu la Stanley Williams ku HP Labs linalengeza m'magazini ya Nature kuti kachipangizo kawo ka titanium dioxide pakati pa platinum ndi memristor ija. Komatu Samsung inali itaonetsa kale memory ya nickel oxide yamtunduwu mu 2004, osagwiritsa dzinalo.

Mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati tizipinda ta oxide tikukwaniradi tanthauzo la masamu a Chua. Kwa ana a sukulu, auzeni kuti memristor ndi dzina la lingaliro, ReRAM ndi dzina la katundu amene mafakitale amapanga.

Ine ndimakonza mafoni. Kasitomala wina wandiuza kuti posachedwapa ma eMMC ndi memory khadi atha ntchito chifukwa kukubwera ReRAM yothamanga kuposa fulashi maulendo 1,000. Ndiyambe kuphunzira zatsopano, kapena ndi nkhambakamwa chabe?
Wokonza mafoni, Limbe

Bambo, pitirizani kusintha ma eMMC ndi ma UFS, ma chip a fulashi a mu foni, sakupita kulikonse msanga.

Kasitomala wanu sananame kwenikweni pa liwiro. Mu labotale kachipinda kamodzi kamasintha m'ma nanosecond ochepa, pomwe fulashi imatenga ma microsecond mazana kulemba tsamba limodzi. Koma pa msika wosungira zithunzi ndi mavidiyo chimene chimalamula ndi mtengo wa gigabyte imodzi. Fulashi ya masiku ano imamangidwa mosanjikiza, nsanjika zoposa 200 pa chip imodzi, ndipo kachipinda kalikonse kamasunga ma bit atatu kapena anayi. Kuti ReRAM ipikisane nayo iyenera kukhala yothithikana chimodzimodzi, ndipo apa ndi pomwe imapunthwa.

Njira yothithikana kwambiri ndi yoyala mawaya ngati mphasa: ena chopingasa, ena cham'litali, kachipinda n'kukhala pomwe mawaya awiri adutsana. Vuto lake n'lakuti magetsi sadziwa kachipinda komwe inu mukufuna. Mukamawerenga kachipinda kotseka, current imazembera m'tizipinda titatu toyandikana totsegula n'kukatulukira pa waya womwewo, ngati mmene anthu amadutsira kuseri kwa nyumba za ena msewu ukatsekedwa. Chip imawerenga 1 pomwe panali 0. Mankhwala ake ndi awiri. Mukhoza kupatsa kachipinda kalikonse transistor yake, zimene amazitcha 1T1R. Zimagwira bwino koma transistor imadya malo ndipo simungaisanjikize mosavuta. Kapena mumaika kachipangizo kakang'ono kotchedwa selector, kamene kamatseka pa voltage yochepa n'kutsegula pa yokwera. Kupeza selector yopirira maulendo mamiliyoni, yosadontha, komanso yofanana m'tizipinda mabiliyoni, ndi nkhani imene yakhala ikuvuta kwa zaka zambiri.

Mbiri yake ikuchenjezanso. SanDisk ndi Toshiba anaonetsa chip yoyesera ya ReRAM ya ma gigabit 32 mu 2013, koma sitinaione m'masitolo. HP inalengeza mu 2014 kompyuta yotchedwa The Machine yodalira memristor, koma imene anadzaonetsa pambuyo pake inali ndi DRAM. Msuweni wake wa ReRAM, 3D XPoint, amene Intel ndi Micron analengeza mu 2015 n'kugulitsidwa pa dzina la Optane, anafikadi pa msika ndipo ankathamanga bwino, koma Micron inamusiya mu 2021 ndipo Intel inatseka bizinesiyo mu 2022. Ndalama sizinkabwerera.

Kumene ReRAM yapeza malo ndi mkati mwa ma microcontroller, timakompyuta tating'ono ta pa chip imodzi toyendetsa zipangizo. Fulashi yomangidwa pa chip imodzi ndi purosesa imavuta kuichepetsa kupitirira ma nanomita 28, ndipo imawonjezera magawo ambiri pa ntchito ya mu fakitale. ReRAM imangolowetsedwa pakati pa nsanjika za mawaya pamwamba pa ma transistor, ndipo sifuna voltage yokwera. Panasonic inayamba kugulitsa microcontroller ya ReRAM ya tantalum oxide mu 2013, yokhala ndi ma kilobyte 64. TSMC ya ku Taiwan imapangira makasitomala ake RRAM pa ma nanomita 40 ndi 22. Chip ya Bluetooth ya Nordic Semiconductor, nRF54L15, imasunga pulogalamu yake mu RRAM, ndipo Infineon inalengeza mu 2022 kuti iika RRAM m'ma microcontroller a galimoto a AURIX TC4x. Choncho idzafika pa tebulo panu itabisala mu wotchi, mu kachipangizo ka Bluetooth kapena mu bokosi la injini, popanda chip yapadera yoti muichotse.

Ndimapanga tizipangizo ta Arduino tolemba kuchuluka kwa madzi amene pampu ya sola yapopa. Timalemba pa memory khadi masekondi 10 alionse. Batire likafooka, nthawi zina fayilo yonse imawonongeka. Kodi chip ya ReRAM ingathetse zimenezi?
Mmisiri wa sola, Ndirande

Ingathandize, achimwene, koma siingathetse yokha.

Choyamba, chifukwa chake khadi imawonongeka. Fulashi siilemba pamwamba pa zakale. Imayamba yafufuta chigawo chachikulu, kenako n'kulembanso zonse zimene zinali mmenemo. Mkati mwa khadi muli kakompyuta kake kamene kamasamutsa zinthu pa nthawi yomwe inu simukuidziwa, ndiponso ulendo uliwonse fayilo ikakula, tebulo la FAT, losonyeza pomwe fayilo iliyonse ili, limalembedwanso. Magetsi akathima pakati pa ntchito zimenezi, mumataya ngakhale zomwe munalemba sabata yatha.

ReRAM siifuna kufufuta. Mumalemba byte yomwe mukufuna, zina zonse osakhudzidwa. Chip yodziwika ndi ya Fujitsu ya ma megabit 4, ndiye kuti ma kilobyte 512, imene inatuluka mu 2016. Imalumikizidwa pa SPI, imagwira pa ma volt 1.65 mpaka 3.6, ndipo opanga amati imapirira kulembedwa maulendo 1.2 miliyoni. Apa pali misampha iwiri. Arduino Uno imatulutsa ma volt 5 pa mapini ake, choncho popanda level shifter yotsitsa voltageyo muiwotcha chip. Wachiwiri: musapusitsike ndi ma nanosecond a mu labotale. Chifukwa choti kaulusi sikamera mofanana, chip imalemba, kuwerenga, n'kubwerezanso mpaka resistance ifike pofunikira, ndiye kulemba tsamba limodzi kumatenga ma millisecond angapo. Pulogalamu yanu iziyang'ana status register mpaka chip inene kuti yamaliza.

Kenako chitani izi, kaya memory ndi yamtundu wanji. Ikani diode pa waya wobweretsa magetsi, kutsogolo kwake kapasita wamkulu, ndipo muziyeza voltage isanadutse diode kuti mudziwe msanga kuti magetsi akupita. Kukula kwa kapasita ndi current kuchulukitsa ndi nthawi, kugawa ndi voltage yomwe mungalole kuti igwe. Ngati bolodi ikudya ma milliamp 50, mukufuna ma millisecond 20 omalizira kulemba, ndipo mungalole kugwa kwa volt imodzi, yankho ndi ma microfarad 1,000. Ikani 2,200, popeza makapasita a electrolytic amauma ndi kutentha. Mzere uliwonse womwe mwalemba ukhale ndi nambala yake yotsatana ndiponso CRC, nambala yotsimikizira kuti mzerewo sunawonongeke, kumapeto. Chipangizo chikadzuka chizifufuza mzere womaliza wokhala ndi CRC yolondola.

Musamalembe pa adiresi imodzi. Masekondi 10 alionse ndi maulendo 8,640 pa tsiku. EEPROM, memory yosaiwala ya mu ATmega328P, chip ya Arduino Uno, imapirira maulendo 100,000, ndiye ingathe masiku 12 asanakwane. Mukazungulira m'malo 1,000 osiyana, memory ya mphamvu yomweyo ikhoza kukhala zaka zoposa 30.

Tinene mosabisa: pa ntchito yanuyi, FRAM, mtundu wina wa memory yosaiwala magetsi akathima, ya SPI kapena I2C ikuposa ReRAM. Imalemba pa liwiro la waya popanda kudikira, imapirira maulendo mathililiyoni, ndipo ma module ake ndi osavuta kuitanitsa. ReRAM imapambana mukafuna malo ambiri pa chip imodzi ndiponso current yochepa kwambiri powerenga.

Amati chip imasunga zinthu zaka 10 pa madigiri 85. Adziwa bwanji pomwe chipangizocho changopangidwa kumene? Nanga kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata sikungafufute?
Mayi wina, Machinjiri

Mayi, sadikira zaka 10. Amawotcha. Amalemba 0 ndi 1 m'tizipinda tambirimbiri, n'kuika ma chip mu uvuni pa kutentha kosiyana katatu kapena kanayi, mwachitsanzo madigiri 175, 200 ndi 250, n'kumawatulutsa nthawi ndi nthawi kuti aone pomwe ayamba kuiwala. Kutentha kumafulumizitsa kuyendayenda kwa okosijeni motsatira lamulo la Arrhenius, choncho akajambula nthawi yolepherera motsatana ndi kutentha, pamatuluka mzere wowongoka umene amautalikitsa mpaka pa madigiri 85.

Njirayi ili ndi pobisalira bodza. Wofufuza akayeza tizipinda 10 n'kutenga kapakati, mzere umaoneka wokongola. Koma chip ili ndi tizipinda mamiliyoni, ndipo koyamba kuiwala ndi kaja kamene kaulusi kake kanamera kowonda kuposa tinzake. Okosijeni ochepa akalowa m'mipata yake, 1 amasanduka 0. N'chifukwa chake mafakitale amayang'ana tizipinda tofooketsetsa, n'kuwonjezera ma bit okonzera zolakwika. Kaulusi konenepa, kolembedwa ndi current yambiri, kamakhalitsa, koma kamafuna mphamvu yambiri pa RESET ndipo kamatopetsa kachipinda msanga. Wopanga aliyense amasankha poima pakati pa ziwirizi.

Kutentha kwa Blantyre pakokha kuli kutali ndi 85. Chofunika kuyeza ndi mkati mwa bokosi, makamaka lachitsulo lotsekedwa lokhala padzuwa pafupi ndi inverter. Ikanimo choyezera kutentha masana. Choopsa chenicheni ndi hot air ya amisiri. Ma chip amayesedwa kuti apirire kuwotcherera kwa mu fakitale, kumene kumafika madigiri 260 kwa masekondi ochepa. Mmisiri akaimika hot air ya madigiri 350 pamwamba pake kwa mphindi zingapo, wapitirira zomwe anayesa, ndiye ayambe wakopera zomwe zili mkati ngati n'kotheka.

Ndikufuna kuchita pulojekiti ya chaka chomaliza pa memristor. Mu labu yathu muli signal generator, oscilloscope ndi ma multimeter basi. N'zotheka?
Mtsikana wophunzira uinjiniya, Soche

N'zotheka, achemwali, bola musalonjeze kupanga hafnium oxide. Imeneyo imafuna chipinda chopanda fumbi ndi makina oyala atomu ndi atomu. Chomwe mungachite bwino ndi kuyeza, ndipo kuyeza kwabwino kumasowa ngakhale m'mapepala ena ofalitsidwa.

Yambani pa kompyuta. LTspice, pulogalamu yoyeserera madera a magetsi, ndi yaulere, ndipo model ya memristor imene Biolek ndi anzake analemba mu 2009 imathamanga mmenemo. Mukatero mudziwa chomwe mukufuna kuona. Kachipangizo kenikeni mukhoza kuitanitsa. Kampani ya Knowm ya ku United States imagulitsa ma memristor a ophunzira oikidwa mu chip ya miyendo 16 yolowa pa breadboard. Oyesera kunyumba ena amagwiritsa kopa wopakidwa ufa wa sulufule mpaka ade, n'kukhudzitsapo nsonga ya waya wa aluminiyamu. Zimaonetsa khalidwe lomwelo ngakhale sizikhazikika.

Kalumikizidwe kake: signal generator, kenako memristor, kenako resistor, kenako ground. Resistor ikhale kumbali ya ground chifukwa ma ground a oscilloscope ndi olumikizana mkati. Mukaika kapanira wa ground pakati pa dera, mwachita shoti. Resistor imeneyi ndiyo ikumanga current: pa volt imodzi, ma ohm 10,000 salola kupitirira ma microamp 100. Werengani malire a opanga, ndipo yambani ndi resistor yaikulu. Tchanelo choyamba chiyeze potulukira pa generator, chachiwiri pamwamba pa resistor. Current ndi voltage ya tchanelo chachiwiri kugawa ndi resistor, ndipo voltage ya memristor ndi yoyamba kuchotsa yachiwiri. Ikani sine ya ma hertz 10 mpaka 100, yambani pa 0.1 volt, muzikweza pang'onopang'ono oscilloscope ili pa XY. Mzere wowongoka ukatseguka n'kukhala ngati 8 wopendekeka wofinyika pakati penipeni, mwafika. Kwezani frequency ndipo muona 8 uja akuphwa, popeza maatomu sakupeza nthawi yosunthira.

Zolakwika zofala ndi izi. Ngati mizere siikumana pa ziro, mukuyeza kapasitansi ya mawaya kapena chinyezi chikuchita ngati kabatire, osati memory. Musayeze kachipangizoko ndi multimeter pa ohm: multimeter imatulutsa voltage yakeyake imene ikhoza kulemba kapena kupha kachipinda. Mawaya akhale aafupi ndipo resistor ikhale pafupi kwambiri ndi mwendo wa chip. Waya wa coax umasunga pafupifupi ma picofarad 100 pa mita imodzi, ndipo kaulusi kakangolumikizana, tchaji yonseyo imakhuthukiramo nthawi imodzi choletsa current chisanadzidzimuke. Ngakhale m'malabu okhala ndi makina okwera mtengo monga Keithley 4200, vuto limeneli limapha tizipinda, ndipo n'chifukwa chake ofufuza osamala amayeza tokhala ndi transistor pa chip pomwepo. Valani lamba wa pamkono wotaya static, makamaka m'miyezi youma ya Ogasiti ndi Seputembala.

Mutu wa pulojekiti tikupatseni. Chitani SET ndi RESET maulendo osachepera 1,000, mukuwerenga resistance pa 0.1 volt ulendo uliwonse, n'kujambula mmene manambala amwazikira, osati avareji yokha. Onani pomwe 0 wotsikitsitsa ayandikira 1 wokweretsetsa, chifukwa mpata umenewo ndiwo umanena ngati memory ndi yodalirika. Bwerezani ndi ma resistor atatu osiyana. Ngati mukugwiritsa kachipangizo kosatsekedwa monga ka kopa kaja, lembaninso chinyezi cha mumpweya tsiku lililonse. N'zodziwika kuti madzi a mumpweya amasintha voltage ya forming ndi SET, ndiye zotsatira za mu Januwale zikhoza kusiyana ndi za mu Okutobala.

Ndamva kuti ReRAM ipangitsa kuti AI izigwira pa foni popanda intaneti ndiponso osamaliza batire. Zikugwirizana bwanji?
Wolemba mapulogalamu, Namiwawa

Achimwene, ntchito yaikulu ya neural network ndi kuchulukitsa manambala n'kuwaphatikiza, mabiliyoni a maulendo. Mu kompyuta wamba mphamvu yambiri imathera pa kunyamula manambalawo kuchoka ku memory kupita ku purosesa, kuposa pa kuwerengera kwenikweniko. Mphasa ya ReRAM ija imatha kuwerengera pomwepo. Kachipinda kalikonse mumakaika pa resistance yoimira nambala imodzi ya network, osati 0 kapena 1 yekha koma masitepe angapo pakati. Mukaika ma voltage pa mawaya opingasa, current ya kachipinda kalikonse ndi voltage kugawa ndi resistance, lamulo la Ohm, ndiye kuchulukitsa kwachitika. Ma current onse a pa waya umodzi wam'litali amasonkhana okha, lamulo la Kirchhoff, ndiye kuphatikiza kwachitika. Zonse pa kamphindi kamodzi.

Izi zaonetsedwa pa ma chip enieni. Mu 2022 ofufuza a ku Stanford, University of California San Diego ndi Tsinghua, pamodzi ndi ena, anafalitsa chip yotchedwa NeuRRAM ya magawo 48 ndi tizipinda pafupifupi 3 miliyoni, imene inazindikira zithunzi ndi mawu olankhulidwa. Koma tizipinda 3 miliyoni n'tochepa kwambiri poyerekeza ndi manambala mabiliyoni a mapulogalamu ocheza nawo aja, choncho ganizirani za kachipangizo komva mawu ochepa kapena kozindikira kuti pampu yayamba kulira molakwika, osati wothandizira wathunthu m'thumba.

Zotchinga ndi zitatu. Kaulusi kaja sikakhala ndendende pomwe mwakaika: patangopita kanthawi mutalemba, resistance imasuntha pang'ono, ndipo pa masitepe oyandikana zimenezi zimasokoneza nambala. Ofufuza amalemba mobwereza mpaka ifike, ndiponso amathira dala phokoso pophunzitsa network kuti izolowere manambala osakhazikika. Chachiwiri, current yotuluka iyenera kusandutsidwa manambala ndi kachipangizo kotchedwa ADC, ndipo ma ADC amenewa amadya gawo lalikulu la malo ndi mphamvu zomwe munapulumutsa. Chachitatu, mawaya nawonso ali ndi resistance, moti mphasa ikakula, tizipinda takutali timalandira voltage yochepa kusiyana ndi tapafupi. N'chifukwa chake amaidula m'timagawo monga mizere 256 kwa 256.

Popeza mumalemba mapulogalamu, mwina mudzakumana msanga ndi ntchito ina ya kusakhazikika komweku. Magulu ena a ofufuza akutenga kumwazika kwa resistance kuti apange manambala osalosereka a makiyi achinsinsi, ndipo ena akugwiritsa kusiyana kwa tizipinda ngati chidindo cha chala cha chip iliyonse, chimene ngakhale fakitale yomwe inaipanga siingachibwereze.